Dzina la pa Utoto ndi Dzina la m'Chitsulo

Munthu wochokera ku Ginnery Corner kulowera ku Ndirande wapansi, ngati ali ndi chizolowezi choyang'ana m'mbali mwa msewu, sangalephere kuona misasa ya okonza njinga, kumene mawilo opindika, mafoloko othyoka ndi mafelemu amene eni ake adawaiwala kalekale amapachikidwa pamisomali ndi panthambi za mitengo. Ndipo pakati pa zitsulo zolemerazo, za Hero, za Avon, za Phoenix ndi za Humber ya makolo athu, nthawi zina pamapezeka felemu imodzi yowonda, yopepuka modabwitsa, imene munthu akaigogoda ndi chikhadabo imayankha ndi kaliwu kosalala ngati ka belu. Yotereyo ndidaipeza ine tsiku lina Loweruka pamsasa wa mkulu wina amene wakhala akukonza njinga kuyambira ine ndili mwana. Idali yopakidwa utoto wakuda wa burashi, wonga umene timapaka pazitseko, ndipo pampope wake wotsetsereka padamatidwa zilembo zoyera zakuti Colnago. Mwini wake, mnyamata wa ku Bangwe, adaibweretsa kuti aiwotcherere kaliyala ayambe nayo kabaza. Koma popeza wina adamunong'oneza panjira kuti dzinalo ndi la ndalama zambiri, adafika pamsasapo mtima uli pawiri.

"Bambo, akuti imeneyi ndi ya ku Italy," adatero mnyamatayo.

Mkuluyo adainyamula ndi zala ziwiri, naitembenuza chadodolido, nayang'anitsitsa pansi pake kwa kanthawi.

"Dzinalo walemba ndi munthu wa utoto, mwana wanga," adayankha. "Chitsulochi sitinachifunse."

Mawu amenewo akhala nane mpaka lero, pakuti m'menemo muli nzeru yonse ya nkhani imene ndifuna kuilongosola pano. Felemu yakale yampikisano ili ndi maina awiri: lina la pautoto, limene aliyense wokhala ndi burashi angathe kulilemba kapena kulifafaniza, ndi lina la m'chitsulo, limene mmisiri adalisiya, mofuna kapena mosafuna, m'miyeso, m'mazinga ndi m'malo olumikizira mipope; ndipo wofuna kudziwa amene adaipanga ayenera kukhala monga nyakwawa pabwalo, yosagamula mlandu itangomva mboni imodzi, koma yoitana mboni zonse, kuzifunsa imodziimodzi, ndi kuona pamene mawu azo akumana.

Tiyambe tafunsa za njira imene zitsulo zotere zidadzera pofika kuno, pakuti njirayo imachepetsa kale malo oyenera kufufuza. Njinga imene Blantyre ndi Limbe adaidziwa kuyambira masiku a Nyasaland ndi ija yakuda, ya mawilo a mainchesi 28 ndi mabuleki a ndodo zachitsulo, yolemera pafupifupi makilogalamu 20, imene inkakwera ndi sitima ya pamtunda kuchokera kudoko la Beira n'kudzagulitsidwa m'masitolo onga a Mandala ndi a amwenye a ku Limbe. Imeneyo idali njinga ya mphunzitsi, ya kalaliki, ya mlaliki woyendera mipingo, ndiponso ya munthu wobwerera ku Joni kapena ku Halale, amene pofika kumudzi ndi Humber yonyezimira ankaonetsa abale ake kuti sadapite kukasewera. Njinga yampikisano, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, ya matayala owonda ngati chala, yolemera theka lokha la inzake ija, sidali katundu wa sitolo wamba. Idalowa m'dziko muno imodziimodzi: m'katundu wa azungu ogwira ntchito kunjanji, kufodya, m'mabanki ndi m'masukulu, amene pobwerera kwawo ankaisiyira wophika kapena wa m'dimba, m'manja mwa abale athu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mahotela a ku Bulawayo, Salisbury ndi Johannesburg, ndipo m'zaka zaposachedwa m'makontena a njinga zakaunjika, monga mmene njinga zofiira za positi ya ku Britain, zopangidwa ndi Pashley, zidafikira ku Beehive ku Chilomoni. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo felemu yopachikidwa ku Ndirande ingathe kukhala itadutsa maiko atatu ndi eni asanu. Chifukwa cha njira zimenezi, ine ndikaona felemu yotere ndimayamba kuganizira Britain ndi South Africa, kenaka France ndi Japan. Italy ndimamuganizira pomalizira, ngakhale kuti dzina lake ndilo limene omata masitika amalikonda koposa.

Tsono ngakhale utoto woyamba ukadakhalapo, si nthawi zonse pamene dzina la pampope limakhala la mmisiri. Eddy Merckx wa ku Belgium, amene adapambana Tour de France kasanu, adathamanga zaka zambiri panjinga zolembedwa dzina lake, pamene manja amene adazilumikiza adali a amisiri ena, monga Ernesto Colnago ndi Ugo De Rosa a ku Italy. Fakitale yakeyake adaitsegula mu 1980, atasiya kale mpikisano. Ku Britain eni masitolo ambiri a njinga ankaitanitsa mafelemu kwa mmisiri wa m'tauni ina, n'kulembapo dzina la sitolo yawo. Raleigh ya ku Nottingham idameza anzake mmodzimmodzi, Humber mu 1932, Rudge mu 1943, BSA mu 1957, kotero kuti Humber imene agogo athu ankaitamanda idatulukira pachipata chimodzi ndi Raleigh imene ankaiyerekeza nayo. Ndipo kuyambira 1960 njinga zake zabwino zampikisano zinkapangidwa ku Worksop, kufakitale ya Carlton, zina n'kulembedwa Carlton, zina Raleigh. Ku South Africa, kumene mpikisano waukulu wa Rapport Toer udayamba mu 1973 n'kukulitsa chilakolako cha njinga zothamanga, dzina la ku France la Le Jeune linkalembedwa pamafelemu olumikizidwa komweko, pambali pa maina a komweko monga Hansom, Alpina, Du Toit ndi DHC. Chotero funso lathu lili pawiri, dzina limene njinga idagulitsidwira ndi manja amene adaigwira, ndipo lachiwirilo ndilo lovuta.

Kuti mawu a mboni amveke, nkoyenera kudziwa kapangidwe ka chinthu chimene zikuchitira umboni. Felemu yachitsulo ya masiku amenewo, kuyambira zaka za m'ma 1930 kufikira za m'ma 1980, idali mipope 8, inayi ikuluikulu kutsogolo ndi inayi yowonda kumbuyo, foloko ili payokha. Mipopeyo sankaiwotcherera ndi magetsi monga achitira amisiri a mawindo ndi zitseko, koma ankailowetsa m'tizitsulo tamphako tonga makolala, timene Angerezi amati lugs, ife tiziti zolumikizira, n'kusungunulira mkuwa kapena siliva pakampata kotsala, kuti madzi a mkuwawo adziyendere okha kufikira atadzaza mfundo yonse. Chofunika kusunga mumtima ndi ichi: mmisiri wa felemu sankapanga mipope, ndipo kawirikawiri sankapanganso zolumikizira, zonsezo ankagula kwa ena, ndipo ntchito yake idali kusankha, kudula, kusema ndi tupa ndi kulumikiza. N'chifukwa chake dzina lililonse lodindidwa pachitsulo liyenera kufunsidwa kuti ndi la yani, la wogulitsa zipangizo kapena la wolumikiza.

Mboni yoyenera kuitanidwa poyamba, popeza ndi yovuta kuinyengerera, ndi chigoba chapansi chija mmene mumadutsa ekiselo ya mapedulo. Mmenemo mumalowa makapu awiri a mazinga, ndipo mitundu ya anthu sidagwirizane konse pa kadulidwe ka mazingawo. Angerezi adapanga chigoba chotalika mamilimita 68, ndipo kapu ya mbali ya tcheni adaidula mazinga obwerera, kotero kuti imamasuka poizunguza kumene bawuti wamba amamangira. A ku Japan ndi a ku South Africa adatsata Angerezi. Ataliyana adapanga chigoba cha mamilimita 70, cha chibowo chokulirapo cha mamilimita 36, makapu onse awiri omanga kumanja. Afalansa adasunga 68 ija, koma chibowo chawo chidali cha 35, mazinga a muyeso wawowawo, makapu onse omanganso kumanja, kufikira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pamene adayamba kuusiya mwambowo. Raleigh nayo, panjinga zake wamba za ku Nottingham, idali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi m'malo mwa 24, ndi chigoba chotalikirapo cha 71 kapena 76; ndipo wokonza njinga wakale wa ku Limbe, ngakhale sadawerengepo ziwerengero zimenezi m'buku, amazidziwa m'manja, chifukwa adayesapo kulowetsa kapu ya njinga ina m'chigoba cha Raleigh n'kuiona ikukana isadafike pakati. Mkulu uja adathira mafuta pakapu ya mbali ya tcheni, nadikira, naika sipanala yaikulu, naigogoda ndi nyundo kulowera kutsogolo kwa njinga. Kapuyo idalira kamodzi n'kumasuka. Adatuma mwana kukabwereka chida choyezera kwa mnansi wake wokonza njinga zamoto, ndipo chigobacho chidapereka 68. Ndi mboni imodzi yomweyo dzina la Colnago lidagwa, pakuti mafelemu achitsulo a nyumba imeneyo ya ku Cambiago, pafupi ndi Milan, ndi a mazinga a Chitaliyana. Mnyamata uja adagwetsa nkhope, ndipo ndidamumvera chisoni; koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kudali bwino kuti nyererezo ziwoneke asadapite kukatsatsa malonda kwa munthu wodziwa.

Dziko likayamba kuoneka, pafunika kudziwa ngati chitsulocho n'chaulemu kapena chawamba, ndipo apa timayeza kukamwa kwa mpope mmene mumalowa mtengo wa chishalo. Mu 1897 Alfred Reynolds wa ku Birmingham adapeza njira yopangira mpope wochindikala kumapeto, kumene moto wa mmisiri umafika, ndi wopyapyala pakati, kumene kulemera kulibe ntchito. Ndipo mu 1935 kampani yake idatulutsa chitsulo chotchedwa 531, chimene chidalamulira mafelemu ampikisano kwa zaka 40 ndi kupitirira. Ku Italy kudali Columbus ya ku Milan, ya chizindikiro cha nkhunda, imene mpope wake wa SL udali wa mamilimita 0.9 kumapeto ndi 0.6 pakati, ku France kudali Vitus, ku Japan Tange ndi Ishiwata. Popeza kunja kwa mpope wa chishalo n'kofanana pafupifupi ponseponse, mamilimita 28.6, kukula kwa chibowo kumaulula kupyapyala kwa khoma lake. Mukalowa mtengo wa 27.2, mpopewo ndi wapamwamba. Mukalowa wa 25.4, ndi mpope wochindikala wa njinga wamba imene idangovekedwa mahandulo opindika kuti ioneke yothamanga. Afalansa, amene mpope wawo udali wa mamilimita 28 kunja, amapereka 26.4 kapena 26.6 pachitsulo chabwino chomwecho. Ndiponso munthu akachotsa foloko n'kusuzumira m'mpope wake kuchokera pansi, akaona timizere tokwera mozungulira ngati m'kati mwa mfuti, kawirikawiri wagwira Columbus. Yathu ija idapereka 27.2, timizere munalibe, ndipo titaipachika pasikelo ya mayi wogulitsa nyemba pafupi pomwepo, felemu ndi foloko pamodzi sizidafike makilogalamu 3. Nkhope ya mnyamata uja idayamba kuwala pang'ono, ndipo idayenera kutero, chifukwa chitsulo chake chidali chabwino ndithu. Koma mboniyi imanena za ulemu wokha, siitchula munthu, pakuti amisiri ogula 531 adali ochuluka m'maiko ambiri.

Msinkhu wa felemu umawerengedwa kumbuyo, patizitsulo tiwiri tonga zibwano mmene mumagona ekiselo ya wilo. Mpata wa pakati pa zibwanozo udakula pamene magiya adachuluka: mamilimita 120 m'masiku a magiya 5 kumbuyo, 126 kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 atafika 6, kenaka 7, ndi 130 cha m'ma 1990. Kuno kwathu muyesowu ufuna kuchenjera nawo, popeza wokonza njinga amakanula kapena kupana kumbuyoko kuti wilo limene lapezeka lilowe. Pazibwanopo pamakhala dzina lodindidwa, Campagnolo ya ku Vicenza, Simplex kapena Huret a ku France, SunTour kapena Shimano a ku Japan, ndipo ambiri amasokera pomwepa, nayesa kuti apeza mmisiri. Koma Campagnolo sidali yopanga mafelemu, idagulitsa zibwano zake kwa amisiri a maiko onse. Felemu ya zaka za m'ma 1960 idali yosalala, nthambo za mabuleki ndi za magiya zikugwidwa ndi timalamba tachitsulo tomangira, pamene ya zaka za m'ma 1980 ili ndi timphuno tolumikizidwiratu ndi tibowo tomangirapo botolo la madzi. Yathu idali ya zibwano za Campagnolo, mpata wa 126, ndi tibowo tiwiri ta botolo.

Kufikira pano mboni zatiuza za dziko, za ulemu ndi za msinkhu, koma munthu amene tikumufunayo amaonekera m'mfundo. Monga mmene amayi ogula mbiya amadziwira woumba poona khosi la mbiyayo, ndi monga mmene mwana amazindikirira kalata ya atate ake asadafike padzina la pansi, momwemonso wodziwa mafelemu amazindikira dzanja la mmisiri poona mmene adasemera zolumikizira. Zolumikizirazo zinkagulidwa zokhakhala, za Nervex zija zopotanapotana ngati maluwa, za Prugnat za nsonga zazitali, za Bocama. Koma mmisiri wina ankazisiya mmene zidabwerera, wina ankakhala nazo tsiku lathunthu ndi tupa, kuzipala kufikira m'mphepete mwake mutatsala pang'ono kusungunukira mumpope, ndipo wina ankaboolamo timawindo ta maonekedwe akeake. Yendetsani chala m'mphepete mwa cholumikizira: mukamva mkuwa wotayikira kunja, kapena kampata kamene mkuwa sudafikemo, imeneyo ndi ntchito ya fakitale yowerenga mafelemu patsiku, mukamva mzere woyera, wofanana kuzungulira ponse, mwagwira ntchito ya munthu amene adali ndi nthawi ndi manyazi. Yang'anani pamene timipope tiwiri takumbuyo timafika pansi pa chishalo, pakuti pamenepo mmisiri aliyense adali ndi chizolowezi chake chimene sankachisintha kawirikawiri: wina ankatikulunga kuzungulira mpope, wina ankatidula mopendekeka n'kuvindikira ndi kachitsulo kosalala, wina ndi kolowa m'kati ngati supuni, wina ankatilumikiza kuseri, pabawuti ya chishalo. Yang'ananinso phewa la foloko, ngati lili lathyathyathya kapena lotsetsereka, ndi mmene miyendo ya foloko idapindidwira, pang'onopang'ono kuchokera pakati kapena mwadzidzidzi kunsonga.

Alipo amisiri amene adasiya zizindikiro zosabisika. Colnago, kuyambira cha mu 1970, adaboola kaduwa ka masamba atatu konga ka pamakhadi a juga m'zolumikizira ndi pansi pa chigoba. De Rosa adaboola mtima. Hetchins wa ku London adapinda timipope takumbuyo ngati njoka yoyenda. Bates adapinda foloko kawiri. Amene adakulira pa Humber safunika kuwaphunzitsa zimenezi, pakuti foloko ija ya timipope tiwiritiwiri mbali iliyonse ankaizindikira ali kutsidya kwa msewu, ngakhale njingayo itapakidwa utoto kasanu. Koma amisiri a zizindikiro zotere ndi owerengeka, ndipo ambiri adagwira ntchito yoyera osadindapo kanthu. Felemu ya mnyamata uja idali ya gulu limeneli: zolumikizira za nsonga zazitali zopalidwa bwino lomwe, timipope takumbuyo tovindikiridwa mosalala, kaduwa kapena chilembo osaoneka paliponse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndidaona mkulu uja akudekha ndithu, chala chake chakuda ndi girisi chikuyenda pamfundo iliyonse ngati cha munthu wosaona wowerenga kalata.

Nambala ndiyo mboni imene anthu amathamangira, ndipo imathandiza ngati munthu adziwa kuimva. Imapezeka pansi pa chigoba, pachibwano chakumanzere, pacholumikizira cha chishalo, kapena pampope wa foloko umene umabisika m'kati. Nambala yaitali yoyamba ndi zilembo ndi ya fakitale yaikulu. Yaifupi, ya manambala atatu kapena anayi odindidwa ndi nyundo mosafanana, ndi ya kanyumba ka amisiri ochepa. Raleigh, kuyambira cha mu 1974, idaika chilembo choyamba chotchula fakitale, N ya Nottingham ndi W ya Worksop, chachiwiri chotchula nyengo ya chaka, ndi nambala yoyamba yotchula chakacho. Chaka chomwecho idatsegula kanyumba kapadera ku Ilkeston pansi pa Gerald O'Donovan, kamene kadapanga mafelemu a gulu limene Joop Zoetemelk adapambana nalo Tour de France mu 1980. Mafelemu amene kanyumbako kadagulitsa ali ndi nambala yoyamba ndi SB, ndipo wopeza yotere ku Limbe wapeza chuma chenicheni. Koma si nambala iliyonse imene ili ya kaundula: 56 kapena 58 kawirikawiri ndi kutalika kwa felemu m'masentimita, ndipo 73 pacholumikizira ndi kupendekeka kwake kumene wopanga zolumikizira adadinda. Kutsogolo, pamene pankakhala baji, lowetsani chala m'kati mwa mpope, mumve ngati muli tibowo totsekedwa ndi utoto. Baji ya Raleigh, ya mbalame yonga kakowa, inkagwidwa ndi timisomali titatu, ena ankagwiritsa tiwiri, ndipo amisiri ang'onoang'ono ambiri ankangomata chizindikiro popanda kuboola. Pamene mkulu uja adasolola foloko, tidapeza zinthu ziwiri zimene burashi sidazifikire: manambala anayi ofanana ndi a pansi pa chigoba, kutsimikiza kuti foloko ndi felemu zidabadwira limodzi, ndi utoto wabuluu wowala umene udagona mumdima zaka zonsezo. Tibowo ta baji padalibe.

Za zovala za njinga, magiya, mabuleki, mahabu ndi mahandulo, sindidzanena zambiri, popeza ndi mboni zobwereka. N'zoona kuti zambiri zili ndi chaka chake: Shimano idadinda zilembo ziwiri, choyamba cha chaka kuyambira A mu 1976 ndi chachiwiri cha mwezi, Campagnolo idalemba chaka pachosinthira magiya, Sturmey-Archer idalemba mwezi ndi chaka pahabu. Koma njinga imene yayenda zaka 40 m'misewu ya ku Chilobwe ndi ku Mbayani idasinthidwa chilichonse chotha kumasulidwa, ndipo chaka cha pabuleki ndi cha bulekiyo basi. Chimene chimakhalitsa ndi makapu a chiwongolero, chifukwa ndi ovuta kuchotsa, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuwamvera pang'ono.

Ilipo mboni ina imene ofufuza a kunja alibe koma ife tili nayo, ndiyo pakamwa pa anthu. Safunsa adadya phula. Mkulu uja adafunsa mnyamatayo kuti, "Kodi njingayi idali ya yani kwanuko?" ndipo adayankha kuti idali ya malume ake omwalira, amene adagwira ntchito yophika ku Johannesburg zaka zambiri nabwera nayo pobwerera kumudzi. Mawu ochepawo adapendeketsa mlandu wonse kulowera kumwera. Chithunzi chakale cha m'chikwama cha amayi, chiphaso cha pachipata cha dziko, ngakhale kachitsulo ka msonkho wa njinga kamene matauni a ku South Africa ankapereka chaka ndi chaka, zonsezi zingathe kunena zimene mazinga sanganene. Ndipo pamene zonse zasonkhanitsidwa, nkoyenera kuzipereka kwa anthu amene adaona mafelemu ambiri a mmisiri mmodzi, pakuti dzanja limadziwika polifanizira ndi ntchito zake zina. Ku Britain kuli bungwe la Veteran-Cycle Club, limene lili ndi anthu osunga kaundula wa nambala za mmisiri mmodzimmodzi, ndipo ku South Africa aliko okonda mafelemu akale a kwawoko amene amazindikira ntchito ya amisiri awo. Wowatumizira zithunzi asajambule njinga yonse itatsamira khoma, chifukwa chithunzi chotero sichinena kanthu. Ajambule pafupi mfundo iliyonse, phewa la foloko, zibwano, pansi pa chigoba, ndipo alembe miyeso yonse m'mamilimita.

Pano ndiyenera kunena chimene chimandiwawa mtima. Umboni wambiri wa mafelemu otere suwonongeka ndi dzimbiri kapena ndi ukalamba, koma ndi changu cha tsiku limodzi: munthu amatenga sandipepa wokhakhala n'kupala utoto wonse kufikira chitsulo, ndipo pamodzi ndi utoto wakuda wa dzulo amachotsa wabuluu wa kale ndi mthunzi wa zilembo zimene zikadamuuza zonse, kapena amapita nayo kwa wowotcherera ndi magetsi, amene moto wake, woyenera chitsulo cha geti, umaboola khoma la mamilimita 0.6 ngati pepala. Sindinyoza amisiri a ku Ndirande ndi a kumsika wa Limbe, pakuti ndi manja awo amene asunga njinga za dziko lino zamoyo pamene zipangizo zidasowa, ndipo chipsera cha mkuwa pafelemu yakale ndimachiwerenga ngati gawo la mbiri yake. Sindinenanso kuti mnyamata wofuna chakudya cha lero asunge chitsulo chifukwa cha kukongola. Ndinena kuti felemu yampikisano ndi yoipa pa kabaza, popeza idapangidwira munthu mmodzi wopepuka pamsewu wosalala, ndipo thumba la makala kapena munthu wachiwiri adzaithyola pamfundo m'miyezi yochepa. Mwini wake apindula koposa akaisinthanitsa ndi felemu yolimba ya njinga yakuda, yowondayo n'kupita kwa mmodzi wa anyamata amene timawaona m'mawa akukwera chitunda cha msewu wa Chipembere kulowera ku Limbe atawerama pamahandulo.

Chigamulo cha pamsasa paja chidali chotere. Felemuyo si ya ku Italy, popeza mazinga ake ndi a Chingerezi ndipo kaduwa kalibe. Si ya ku France, popeza miyeso yake yonse ikukana. Si ya fakitale yaikulu, popeza nambala yake ndi yaifupi ndipo mfundo zake zidapalidwa ndi dzanja lodekha. Ndi ya mipope yapamwamba, ya pakati pa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi pakati pa za m'ma 1980, ndipo poganizira ulendo wa malume aja, kanyumba kamene idabadwiramo nkofunika kukafunafuna ku South Africa tisadawoloke nyanja kupita ku Britain. Ena angachione chigamulo chotere ngati chosakwanira, koma ine ndidachiona cholungama, ndipo mnyamatayo adatuluka m'bwalo akudziwa zambiri za chuma chake kuposa mmene adalowera.

Mkulu uja adamatula zilembo zoyera zija ndi chikhadabo, natenga sandipepa wosalala kwambiri, namuviika m'chitini cha madzi, nayamba kupukuta mpope wotsetsereka pang'onopang'ono, osakanikiza, akumatsuka ndi kuyang'ana. Wakuda udayamba kuchoka, pansi pake padali wofiira wa mwini wina, ndipo pansi pa wofiirawo padatuluka wabuluu uja. Titaupendeketsa kudzuwa tidaona mthunzi wa zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo ndidakumbukira kuti Hansom ndi Alpina onse ndi maina a zilembo zisanu ndi chimodzi. Koma dzuwa lidali likulowa kuseri kwa Michiru ndipo mthunziwo udazimirira m'maso mwathu. Mkuluyo adalemba manambala anayi aja ndi pensulo pachikatoni, napachika felemuyo pamsomali wa m'kati kumene mvula siifika, natulutsa felemu ya Hero n'kuipereka kwa mnyamatayo kuti aiyese kulemera.

"Mukafunse amayi anu ngati chithunzi cha malume chilipo," adatero. "Ndipo inu achimwene, mubwere Lolemba m'mamawa, dzuwa likadali pansi. Zilembo zotere zimawerengeka ndi kuwala kwa chammbali."